Mabuleki Choyamba, Mahatchi Pambuyo: Za Kukonza ndi Kusintha Corvette Yakale

M'chaka cha 1963 kampani ya Chevrolet ya ku America inatulutsa galimoto yaliwiro yotchedwa Corvette Sting Ray. Galasi lake lakumbuyo linali logawidwa pawiri ndi kamtanda kotsika kuchokera padenga. Bill Mitchell, mkulu woyang'anira maonekedwe a magalimoto ku General Motors, ndiye anaumirira kuti kamtandako kakhalepo, pakuti kankamaliza mzere woyenda pamsana pa galimotoyo kuchokera kutsogolo mpaka kumchira. Zora Arkus-Duntov, injiniya amene ankayang'anira za makina ake, sanakondwe nako chifukwa kankatchinga dalaivala poyang'ana kumbuyo. Mawu a Mitchell anamveka chaka chimodzi chokha. Pofika 1964 kamtandako kanachotsedwa, ndipo galasi linakhala limodzi. Eni ena a magalimoto a 1963, posafuna kuoneka otsalira, anapita kugalaja kukadulitsa kamtandako n'kuikitsa galasi lofanana ndi la 1964. Pa nthawiyo ankadziona anzeru. Lero Corvette ya galasi logawika, imene inapangidwa yokwana 10,594 yokha, ili m'gulu la magalimoto a ku America ofunidwa koposa, ndipo amene ali ndi yodulidwa amalipira ndalama zambiri kuti amisiri aumbe kamtanda kena. Kolowa m'malo kangafanane bwanji, si kamene kanachoka kufakitale ya ku St. Louis. Madzi akatayika saoleka.

Nkhani ya galasiyi ili pakatikati pa mkangano umene sutha pakati pa okonda magalimoto akale, ndipo umamveka ngakhale kuno kum'mwera kwa Africa, pa zionetsero za ku Pretoria, ku George ndi ku Harare. Gulu lina limati galimoto yakale ibwezeretsedwe ndendende monga inatulukira m'fakitale. Ku America gululi lili ndi bungwe lake la National Corvette Restorers Society, limene linayamba mu 1974. Oweruza ake amagwada pansi n'kuunika zizindikiro za pamitu ya mabawuti, masiku osindikizidwa pagalasi ndi pakabyuleta, ndiponso nambala yodindidwa painjini, kuti aone ngati ikugwirizana ndi ya galimotoyo. Gulu linalo limati galimoto inapangidwira kuyenda, motero bodi yakale isungidwe koma zamkati zonse zikhale zamakono: injini, giyabokosi, mabuleki, ngakhale chimango chenichenicho. Ntchito yotereyi eni ake amaitcha restomod.

Magulu onsewa ali ndi mfundo zomveka, koma lililonse likafika pa kuumirira limasochera. Kusintha galimoto yakale kuti iziyenda bwino n'koyenera, malinga zinthu ziwiri zatsatidwa. Choyamba, ntchito iyambire pa zoimitsa galimoto ndi zoigwirizitsa pamsewu, injini ikhale yomaliza. Chachiwiri, chilichonse chosinthidwa chikhale chotheka kubwezeretsa, makamaka pa galimoto imene inapangidwa yochepa.

Amene amati kusintha kulikonse ndi kunyoza mbiri ya Corvette amaiwala mmene mbiriyo inayambira. Corvette yoyamba, ya 1953, inali yokongola koma yaulesi. Inapangidwa yokwana 300 ku Flint, m'chigawo cha Michigan, yonse yoyera kunja ndi yofiira mkati. Injini yake inali ya masilinda sikisi, yochokera ku magalimoto wamba a Chevrolet, ndipo mphamvu yake inkayezedwa pa mahatchi 150. Giyabokosi inali yodzisintha yokha, ya magiya awiri basi. Anthu sanaithamangire, moti mu 1955 anapanga 700 yokha ndipo panatsala pang'ono kuti dzinalo lifafanizidwe. Anaipulumutsa ndi Duntov, munthu wobadwira ku Belgium mu 1909 kwa makolo a ku Russia. Asanalowe ntchito ku General Motors mu 1953, iyeyu ndi mng'ono wake ankapanga mitu ya injini yotchedwa Ardun, imene anyamata okonda liwiro ankamanga pa injini za Ford kuti ziwonjezere mphamvu. Mwachidule, anali katswiri wosintha magalimoto a anthu ena. M'chaka chomwe analowa ntchito analembera akuluakulu ake kalata yowalimbikitsa kuti Chevrolet izipanga zipangizo zimene achinyamata osintha magalimoto angagule. Injini ya masilinda eyiti italowa mu Corvette mu 1955, iye anaikonzera kamushafuti yakeyake, ndipo kumayambiriro kwa 1956 anathamangitsa galimotoyo pamchenga wa ku Daytona kupitirira makilomita 240 pa ola.

Nayonso Cobra, imene lero anthu amaigwadira, inabadwa mu 1962 pamene Carroll Shelby anatenga kagalimoto ka ku Britain kotchedwa AC Ace n'kuikamo injini ya Ford ya masilinda eyiti. Ku Johannesburg, Basil Green anachita chimodzimodzi cha m'ma 1970: anatenga Ford Capri n'kuikamo injini ya malita 5 ya mtundu wa mu Mustang, ndipo Capri Perana imeneyo inagulitsidwa m'masitolo a Ford ndi chilolezo cha kampaniyo. Magalimoto amene oweruza a lero amafuna kuti asakhudzidwe ndi ana a anthu amene sankaopa sipanala. Choncho funso la ngati galimoto yakale ingasinthidwe linayankhidwa kale ndi amene anaipanga. Latsala ndi la poyambira ndi polekezera.

Poyambira penipeni ndi pansi pa galimoto. Bodi ya Corvette si yachitsulo. Ndi ya fibreglass, ulusi wagalasi woumbidwa ndi utomoni, ndipo sichita dzimbiri. Ichi n'chimene chimapusitsa ogula ambiri. Pansi pa bodi yonyezimirayo pali chimango chachitsulo chonyamula injini ndi matayala, ndipo mozungulira okwera muli chitsulo china cholukana chimene Achimereka amachiyerekeza ndi khola la mbalame. Pa khola limeneli ndi pamene pamagwira zitseko, galasi lakutsogolo ndi bodi yonse. Madzi olowera m'mbali mwa galasi amatsikira mkati mwa mizati yake n'kumadya chitsulo kwa zaka makumi angapo popanda woona. Chimango nachonso chimaola kutsogolo kwa matayala akumbuyo, pamene chimapindikira m'mwamba, chifukwa matope ndi mchere wothiridwa m'misewu ya ku America nthawi yachisanu zimakhazikika pomwepo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Munthu woika injini ya mahatchi 450 pachimango chotere akumanga nyumba ya nsanjika pa chulu chogumuka. Mmisiri wodziwa ntchito amayamba wachotsa bodi pachimango, kuchigogoda ndi hamala, kuchiyeza ngati chili chowongoka, ndi kuwotcherera chitsulo chatsopano pamene pawola. Ntchitoyi sioneka pachithunzi, ndipo palibe adzaiyamikire pachionetsero, koma zina zonse zimatsamira pa iyo.

Akachoka apo afike pa mabuleki. Corvette ya 1963 ndi ya 1964 inali ndi mabuleki a madiramu pamatayala onse anayi, pamene injini yake ya malita 5.4 inkatulutsa mahatchi kuyambira 250 mpaka 375. Buleki iliyonse imagwira ntchito posandutsa liwiro kukhala kutentha. Diramu ndi mphika wotsekeka. Kutentha kumachedwa kutulukamo, ndipo ikatentha imafutukuka n'kutalikirana ndi zoikanikiza za mkati mwake. Dalaivala akaponda kawiri katatu motsatizana potsika phiri, phazi limayamba kumira koma galimoto osamvera. Tsono masamu a liwiro alibe chifundo: liwiro likawirikiza kawiri, kutentha kumene mabuleki ayenera kumeza kumawirikiza kanayi. Galimoto ya makilogalamu pafupifupi 1,400 ikamayenda makilomita 160 pa ola imafuna mabuleki ogwira ntchito kanayi kuposa pamene ikuyenda makilomita 80. Chevrolet yomwe inaona vutoli, ndipo mu 1965 inaika madisiki pamatayala onse anayi. Disiki ili poyera, mphepo imaiziziritsa, ndipo ikafutukuka imayandikira zoikanikiza m'malo mozithawa.

Pali chinanso chobisika. Magalimoto ambiri a nthawi imeneyo anali ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki. Paipi imodzi ikaphulika, matayala onse anayi amataya mabuleki nthawi yomweyo. Kuyambira 1967 pampu ya mabuleki inagawidwa pawiri, kutsogolo payokha kumbuyonso payokha, kuti mbali ina ikafa inayo igwirebe. Mwini Corvette ya 1963 akaika madisiki ndi pampu yogawikayo sakuchita zachilendo; akungopereka kwa galimoto yake zimene opanga ake anapereka kwa azing'ono ake patangopita zaka zochepa. Woweruza pachionetsero angamuchotsere mapointi, koma mwana wothamangira mpira pamsewu sadziwa za mapointi. Pa nkhani ya mabuleki, ya malamba omangira okwera ndi ya magetsi owala mokwanira usiku, oumirira zakale alibe chonena chomveka kwa galimoto imene imayenda pakati pa anthu.

Buleki imagwira tayala, koma chimene chimaimitsa galimoto ndi tayala kugwira msewu. Matayala a m'ma 1960 anali opyapyala, oluka ulusi mopingasa, ndipo ankatsatira kamng'alu kalikonse ka patala. Corvette inayamba kutuluka ndi matayala a mtundu wa radial mu 1973. Kungosintha matayala kokha kumafupikitsa mtunda woimira ndi kukhazika galimoto pakona kuposa mmene zipangizo zambiri zodula zingachitire. Komabe tayala logwira kwambiri limakoka mwamphamvu zonse zolumikizana nalo, choncho mabushi ophwanyika, mashoko otopa ndi maberingi akumbuyo ayenera kusinthidwa limodzi. Sting Ray ya 1963 inali Corvette yoyamba imene tayala lililonse lakumbuyo linkadziyendera palokha, mothandizidwa ndi sipuling'i imodzi yopingasa. Kapangidwe kameneka n'kabwino mpaka lero kakakhala kosamalidwa. Ambiri amene amadandaula kuti galimoto yakale imayendayenda pamsewu sanayendetsepo yokonzedwa bwino. Anayendetsa ya mabushi a zaka makumi asanu. Asanaweruze kuti kapangidwe kakale n'kolephera, ayambe akabwezeretsa mmene kanalili kali katsopano. Nthawi zambiri theka la chimene ankafuna kugula ndi ndalama zambiri limapezeka pomwepo.

Galimoto yotere ikafika m'mayiko a kuno imakumana ndi zina zimene opanga ake sanaganizire. Injini za nthawi imeneyo zinapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, umene unkateteza pokhalira mavavu kuti pasadyeke. Petulo wotereyu anasiya kugulitsidwa m'chigawo chino pofika 2006, choncho injini yogwira ntchito yolemetsa imafuna kuti pokhalira mavavupo paikidwe mphete zolimba. Ku Malawi petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ku Zimbabwe nako amasakaniza. Ethanol amadya mapaipi akale a labala ndi tizipangizo tofewa ta m'kabyuleta, amakokanso chinyezi chimene chimachititsa dzimbiri m'thanki. Paipi ya petulo yong'ambika pamwamba pa injini yotentha, m'galimoto ya bodi ya utomoni, ndi moto umene suzimitsika msanga. Kusintha mapaipi onse ndi amakono, ndi kuika rediyeta yokwanira kutentha kwa Okutobala m'chigwa cha Shire kapena cha Luangwa, ndi nzeru wamba.

Palinso kukwera kwa dziko. Lilongwe ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, Lusaka pafupifupi 1,300, Harare pafupifupi 1,500, ndipo Johannesburg imapitirira 1,700. Mpweya wa kumtunda ndi wopepuka, ndipo injini yopuma yokha imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mphamvu yake ikafika ku Johannesburg. Kabyuleta yotcheredwa ku Durban kapena ku Beira imathira petulo wochuluka ikakwera kumtunda. Mapulagi amada, utsi umanunkha, mafuta amatha msanga. Makina amakono opopera petulo moyendetsedwa ndi kompyuta amayeza mpweya n'kudzikonza okha, ndipo alipo ena opangidwa kuti amangidwe pamabawuti omwewo a kabyuleta. Apanso palibe chachilendo, pakuti Corvette inali kale ndi makina opopera petulo a Rochester kuyambira 1957, ngakhale anali opanda kompyuta ndiponso ovuta kutchera.

Giyabokosi ndi malo ena pamene kusintha kumapindula kwambiri. Ya magiya anayi ya Muncie ndi yolimba, koma giya yake yomaliza imazungulitsa shafuti mofanana ndi injini. Pa Corvette ya difu yokokera liwiro lonyamukira, kuyenda makilomita 110 pa ola kumatanthauza injini yozungulira kupitirira 3,000 pa mphindi, ulendo wonse. Phokoso, kutentha ndi kutha kwa mafuta zimatopetsa munthu asanafike pakati pa njira. Giyabokosi ya magiya asanu ya Tremec imatsitsa kuzungulirako kufika pafupi ndi 2,100, ndipo ilipo yokonzedwa kuti ilowe popanda kudula pansi pa galimoto. Yakaleyo ikhoza kutsukidwa, kuthiridwa oyilo ndi kusungidwa pashelefu.

Pamapeto pake ndi pamene pafika injini, imene ambiri amayambira. Chiyeso chake n'chachikulu. Kuyambira 1997, pamene Corvette inatuluka ndi injini ya aluminiyamu yotchedwa LS1, banja la injini za LS lakhala likulowetsedwa m'magalimoto akale a mitundu yonse. Ya LS3, ya malita 6.2, imagulidwa yatsopano m'bokosi ndi mahatchi 430. Ndi yopepuka kuposa injini yaikulu yachitsulo ya malita 7 ya 1966, imalira ndi kiyi kamodzi m'mawa wozizira, ndipo siidontha oyilo. Kusiyana kwake ndi zakale n'kwakukulu kuposa mmene manambala amaonetsera, chifukwa mpaka 1971 makampani a ku America ankayeza mahatchi injini ili pabenchi, yopanda zosefera mpweya ndi zotsekereza phokoso za m'galimoto. Kuyambira 1972 anayamba kuyeza injini itavala zonse. Mahatchi 360 a 1963 ndi ocheperapo akayezedwa ndi muyezo wa lero. Motero woika LS3 mu Sting Ray wawonjezera mphamvu yoposa imene akuganiza, pa mahafushafuti, difu ndi mabuleki zimene sizinapangidwire katundu wotere. Walira mvula walira matope. Ichi n'chifukwa chake injini iyenera kudikira mpaka zina zonse zitakonzeka kuilandira.

Koma ngakhale zonse zitakonzeka, funso lina limatsala: galimoto yake ndi iti? Pano ndi pamene osintha ayenera kumvera osunga. Mu 1963 anapanga ma Corvette 199 okha okhala ndi zipangizo za mpikisano zotchedwa Z06. Grand Sport, imene Duntov ankafuna kuti ikagonjetse Cobra, inapangidwa isanu yokha akuluakulu a General Motors asanaletse ntchitoyo. Ya injini ya L88 ya 1967 inapangidwa 20, ndipo imodzi mwa iyo inagulitsidwa pa okushoni ku Scottsdale mu 2014 pa madola 3.85 miliyoni. Galimoto yotere, kapena ina iliyonse ya m'ma 1960 imene ikadali ndi injini imene inabadwa nayo, ndi mboni ya nthawi yake. Nambala yodindidwa pa injiniyo inadindidwa kamodzi, tsiku limodzi, ndi munthu mmodzi. Injini ikagulitsidwa kwina, umboniwo wabalalika. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Mbali inayi kuli ma Corvette a kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Malamulo oletsa utsi atakhwima, injini wamba ya 1975 inatsika kufika pa mahatchi 165, pang'ono chabe kuposa ya 1953. Mu 1979 mokha anapanga 53,807. Magalimoto amenewa ndi ochuluka, ndi otsika mtengo, ali kale ndi madisiki pamatayala onse, ndipo chimango chake n'chochokera ku Sting Ray yomwe ija. Kulinso ena a m'ma 1960 amene injini zake zinaphulika kalekale n'kutayidwa, kapena anachita ngozi n'kusiyidwa pansi pa mtengo. Pa oterewa palibe umboni wofafanizika. Kuikamo injini yamakono n'kuukitsa chinthu chimene chikanathera ku sikirapu. Wofuna liwiro asankhe pakati pa amenewa, asapite kukadula imene yasungika bwino zaka makumi asanu ndi limodzi pongofuna kuti anzake amuone.

Lamulo lothandiza pa zonsezi n'lapafupi kukumbukira: sipanala ikwanire, gilayinda ikhale patali. Chomangidwa ndi bawuti chimamasulidwa ndi bawuti. Madiramu, kabyuleta, giyabokosi, ngakhale injini yomwe, zingachotsedwe, kulembedwa manambala, kujambulidwa ndi kusungidwa pouma, kuti galimoto ikadzagulitsidwa zipite nayo. Koma bodi yodulidwa kuti mulowe matayala aakulu, chimango chochekedwa, kapena dashibodi yoboolaboola kuti mukhale wailesi yamakono, zimenezi sizibwerera. Bungwe la padziko lonse la magalimoto akale la FIVA linalemba mfundo yomweyi m'chikalata chake cha ku Turin, chimene chinayamba kugwira ntchito mu 2013: zosintha zilembedwe, zikhale zotheka kubweza, ndipo zipangizo zofunika zochotsedwa zisungidwe pamodzi ndi galimoto. Nkhani ya chiwongolero imagwera pomwepa. Corvette yakale ili ndi chiwongolero kumanzere, pamene m'mayiko ambiri a kuno magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu. Kupitirira lole pamsewu wa M1 kapena wa Great East kumakhala kongodalira maso a wokhala naye. Corvette inayamba kutuluka m'fakitale ndi chiwongolero cha kumanja m'badwo wake wachisanu ndi chitatu, wa zaka za m'ma 2020. Kusamutsa chiwongolero cha yakale kumafuna kudula kwambiri. Pa galimoto yosowa, yankho labwino ndi kuleza mtima kumbuyo kwa loleyo.

Zimene zinachitika ku Bowling Green, m'chigawo cha Kentucky, zikuphunzitsa mtima woyenera. Pa 12 February 2014 pansi pa nyumba yosungiramo ma Corvette akale panagumuka, ndipo dzenje linameza magalimoto asanu ndi atatu. Atatu anakonzedwa, asanu anasiyidwa ophwanyika momwemo kuti anthu aziona. Pakati pa okonzedwawo panali Corvette yoyera ya 1992, imene inakwanitsa chiwerengero cha miliyoni imodzi. Amisiri a General Motors atayamba kuimasula anapeza kuti antchito a m'fakitale anasaina mayina awo kuseri kwa zipangizo zake. Zipangizo zatsopano zinalipo, ndipo kuziika kukanafulumiza ntchito. Iwo anasankha njira yaitali yowongola ndi kumata zophwanyikazo kuti mayinawo asatayike. Galimoto yakale imanyamula manja a anthu amene anaipanga, ndipo mmisiri wabwino amayamba wafunsa kuti n'chiyani chili kuseri asanataye kanthu.

Wina anganene kuti galimoto ndi yake, ndalama ndi zake, palibe womuuza chochita. Pa malamulo akunena zoona. Komabe galimoto ya 1963 yadutsa kale m'manja mwa anthu angapo, ndipo ikasamalidwa idzaposa moyo wa mwini wake wa lero. Amene anadula kamtanda mu 1964 nawonso anali eni ake. Chimene chikuoneka chamakono lero, monga marimu aakulu ndi masikirini a padashibodi, chidzaoneka chachikale m'zaka makumi awiri, monga mmene utoto ndi zomata za m'ma 1980 zimaonekera tsopano. Pamene maonekedwe a Mitchell ndi Larry Shinoda sanakalambe. Ndipo wofuna galimoto ya mpikisano ya maonekedwe akale ali ndi njira ina yosawononga kanthu. Ku Gqeberha, mzinda umene kale unkatchedwa Port Elizabeth, fakitale ya Hi-Tech Automotive imapanga magalimoto atsopano otengera Cobra, GT40 ndi Corvette Grand Sport, amene amagulitsidwa ku America komweko ndi dzina la Superformance. Amisiri a kuno ndi amene akuumba ndi manja zimene Achimereka amagula kuti asadule zenizeni.

Osunga nawonso ali ndi pofunika kudzifunsa. Galimoto imene imanyamulidwa pa thirela kuchoka m'galaja kupita kuchionetsero, osapondako tala, imafa imfa yakeyake: malabala amauma, mafuta a mabuleki amamwa chinyezi, petulo amawola m'thanki. Choipa kwambiri n'chakuti mitengo ya magalimoto a manambala ogwirizana itakwera, panabuka achinyengo opala nambala ya painjini n'kudinda ina. Restomod imene mwini wake amanena poyera zonse zimene anasintha ndi yolemekezeka kuposa galimoto yooneka yoyambirira koma ya nambala yabodza. Amakaniko a ku Biwi ku Lilongwe kapena a ku Siyaso ku Mbare, amene tsiku ndi tsiku amaika injini ya mtundu wina m'galimoto ya mtundu wina kuti ipitirize kudyetsa banja, amadziwa kuti tchimo silili pa kusintha. Lili pa kubisira wogula.

Wopeza Corvette yakale, kaya ku Kentucky kaya kuseri kwa nyumba ku Benoni, ayambe wafufuza kuti wapeza chiyani: nambala ya bodi, ya injini, ndi mapepala ake. Ikakhala yosowa kapena yosungika, aikonze monga inalili, awonjezere zoteteza moyo zokha zomangidwa ndi bawuti, ndipo aziiyendetsa Lamlungu lililonse. Ikakhala yochuluka kapena yotaya kale injini yake, ali ndi ufulu wochita zambiri, koma ndondomeko isasinthe: chimango, mabuleki, matayala, kuziziritsa, mafuta, magiya, kenako mahatchi. Chilichonse chochotsedwa chilowe m'bokosi, ndipo pabokosipo palembedwe tsiku. Duntov anamwalira mu 1996, ndipo phulusa lake lili m'nyumba ya ku Bowling Green ija, pakati pa magalimoto amene moyo wake wonse ankawafunira liwiro. Pa nkhani ya kamtanda iye analondola: kankatchingadi kumbuyo. Koma amene anapirira nako, n'kumayang'ana pagalasi lam'mbali pobwerera m'mbuyo, ndi amene lero ali ndi chinthu chimene ndalama sizingapangenso.